Tauni ikamakula m'mphepete mwa mzinda, khonsolo iyambe ndi chiyani?

Woyambitsa nkhani

Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndabwera ndi funso limene ndikupempha kuti tiliunike mofatsa. Pafupifupi mzinda waukulu uliwonse uli ndi matauni ouzungulira, amene anthu ake amagona kumeneko koma n'kumalawirira m'mawa kukagwira ntchito mumzinda. Matauni oterewa amakula mofulumira chifukwa malo omangapo amapezeka mosavuta ndipo lendi imakhala yotsikirako. Mu 2018 bungwe la United Nations lidanena kuti anthu 55 mwa anthu 100 alionse padziko lapansi ankakhala m'mizinda ndi m'matauni, ndipo kuti pofika 2050 adzakhala 68. M'kati mwa mizinda mudadzaza kale, kotero gawo lalikulu la anthu owonjezekawo lidzakhazikika m'mphepete.

Khonsolo ya tauni yotere imakhala ndi ndalama zochepa ndi antchito ochepa, pamene zofunika ndi zambirimbiri: misewu, madzi, zimbudzi, msika, sukulu, chipatala, kuchotsa zinyalala ndi magetsi a m'misewu. Pamsonkhano aliyense amaimirira n'kutchula chake, ndipo khonsolo yofuna kukondweretsa onse imangowaza ndalama pang'onopang'ono paliponse osamaliza ntchito ngakhale imodzi. Paja akale adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Choncho ndikufunsa kuti, ngati khonsolo singathe kuchita zonse nthawi imodzi, iyambe ndi chiyani, ndipo chifukwa chake n'chiyani?

Injiniya wopuma

Zikomo bambo chifukwa cha funsoli. Yankho langa mwina lidabwitsa ena, popeza ntchito yanga inali yomanga misewu, koma ndikuti khonsolo isayambe ndi phula. Iyambe ndi kusunga malo.

Ntchito za khonsolo ndimazigawa pawiri. Zilipo zimene zingathe kudikira, ndipo zilipo zimene mwayi wake ukadutsa subwereranso. Msewu wafumbi ungathe kuthiridwa phula chaka chino kapena patapita zaka khumi, ndipo ntchito yake idzakhala yomweyo. Koma malo odzadutsa msewuwo akangomangidwapo nyumba, kuti muwapezenso muyenera kugwetsa nyumba za anthu, kulipira chipukuta misozi chochuluka ndi kuyankha milandu m'makhoti kwa zaka. Makhonsolo ambiri akafika pamenepo amangogwa ulesi, ndipo dera lonse limakhala lopanda msewu wolongosoka mpaka kalekale.

Mu 1811, pamene mzinda wa New York unali ndi anthu pafupifupi 100,000 ndipo gawo lalikulu la chilumba cha Manhattan linali minda ndi tchire, akuluakulu ake adajambula misewu ikuluikulu 12 ndi ina yopingasa 155. Sadaimange nthawi yomweyo. Adangopima malo n'kuzika zizindikiro za miyala ndi zitsulo, ndipo misewuyo inkatsegulidwa pang'onopang'ono anthu akamafika. Ku Ethiopia, kuyambira 2013, mizinda ya Adama, Bahir Dar, Hawassa ndi Mekelle idatsata nzeru yofanana ndi imeneyi, yosunga malo a misewu ya mamita 30 m'lifupi, yotalikirana pafupifupi kilomita imodzi, m'madera amene nyumba zinali zisanafike. Kutalikirana kumeneku kuli ndi chifukwa chake: misewu ikaikidwa motero, munthu wokhala pakatikati sayenda mtunda woposa theka la kilomita kuti afike pamsewu waukulu pokwerera basi. Ndipo chipukuta misozi chimene chimalipidwa pa nthawi imeneyi ndi cha minda, osati cha nyumba za njerwa.

Namwino

Bambo injiniya, mfundo yanu ndaimva, koma sindikugwirizana nanu kuti ikhale yoyamba. Inu mukukamba za anthu amene adzabwere zaka 20 zikubwerazi, pamene ine ndikuganiza za ana amene alipo kale ndipo akumwa madzi lero.

M'tauni imene ikukula popanda mapaipi, banja lililonse limakumba chitsime ndi chimbudzi pa puloti yomweyo. Mabungwe othandiza anthu pa ngozi amalangiza kuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime ndi mamita osachepera 30, koma pa mapuloti ang'onoang'ono oyandikana zimenezi sizitheka, chifukwa mukachitalikitsa ndi chitsime chanu mumachiyandikitsa ku chitsime cha mnzanu. Mvula ikagwa madzi apansi amakwera n'kusakanikirana ndi zonyansa. Mliri wa kolera umene udavuta ku Zimbabwe mu 2008 ndi 2009, umene udagwira anthu pafupifupi 100,000 ndi kupha oposa 4,000, udayambira ku Chitungwiza, tauni imene anthu ake ambiri amagwira ntchito ku Harare, kumene madzi a m'mipopi ankasowa ndipo mapaipi a suweji ankaphulika. Ku Lusaka mu 2017 ndi 2018 matenda omwewa adafala kwambiri m'madera monga Kanyama, kumene anthu ambiri ankadalira zitsime zosazama. M'tauni yopanda madzi aukhondo maliro sachedwa kuyamba. Kwa ine choyamba ndi madzi ndi zimbudzi.

Injiniya wopuma

Mayi, nkhani ya madzi sindikuipeputsa ngakhale pang'ono. Koma ndikufunseni kuti paipi yaikulu ya madziyo idzadutsa pati. Mapaipi a madzi, mapaipi a suweji, ngalande ndi mapolo a magetsi, zonsezi zimatsata msewu. Kumene nyumba zidamangidwa mothithikana popanda njira, madzi amafika kudzera m'timapaipi tating'ono tokhotakhota pakati pa nyumba, tokwiriridwa pamwambamwamba, ndipo timeneti ndi timene timasweka n'kumayamwa madzi oipa mpopi ukaphwa. Galimoto yopopa zimbudzi nayonso imafuna polowera, chimodzimodzinso ambulansi ndi galimoto yozimitsa moto. Ndikamati tisunge malo, ndikusungira paipi yanu yomweyo.

Namwino

Kumbali ya madera atsopano ndavomera. Koma m'madera amene adadzaza kale, mapu sangathandize mwana amene watsegula m'mimba usiku uno. Ndikupempha kuti mbali ziwirizi tisazisakanize pokambiranapa.

Wophunzira za mapulani a mizinda

Ndiloleni makolo anga ndiikepo mlomo, chifukwa pali chitsanzo chimene chimakhudza mbali zonse ziwiri. Orangi ndi dera lalikulu la m'mphepete mwa mzinda wa Karachi ku Pakistan, limene lidakula popanda suweji. Mu 1980 Akhtar Hameed Khan adayambitsa kumeneko ntchito yotchedwa Orangi Pilot Project. Akatswiri ankapima malo, kujambula mapulani ndi kubwereketsa zida, pamene mabanja a m'kanjira kalikonse ankasankha mtsogoleri wawo, kusonkha ndalama, kukumba ndi kuika mapaipi. Udindo udagawidwa momveka bwino: chimbudzi cha m'nyumba ndi paipi ya m'kanjira ndi za anthu eni ake, pamene mapaipi akuluakulu ndi malo oyeretsera zonyansa ndi za boma. Mabanja masauzande ambiri adapeza suweji pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene makontilakitala akadafuna.

Pali zinthu ziwiri zimene ine ndimatolapo. Choyamba, ntchitoyi idatheka chifukwa tinjira ta pakati pa nyumba tinalipo kale, kotero bambo injiniya akunena zoona. Chachiwiri, mbali ya boma idachedwa, ndipo kwa zaka zambiri zonyansa zochokera m'tinjirato zinkangothera m'makwawa. Apa ndi pamene ndikuona udindo weniweni wa khonsolo. Banja lingathe kudzimangira nyumba, chimbudzi ngakhale kanjira ka pakhomo, koma silingathe kudzimangira paipi yaikulu, mlatho kapena malo oyeretsera zonyansa. Ndalama zochepa za khonsolo zizipita ku zimene anthu sangathe kuchita paokha.

Wowerengera ndalama

Zonse zimene zanenedwa n'zomveka, koma palibe amene watchula kumene ndalama zidzachokere. Khonsolo imene ikudikira thandizo la boma lalikulu kapena la mabungwe akunja sisankha yokha choyamba. Imalandira chimene wopereka wakonda, pa nthawi imene wakonda. Choncho kwa ine ntchito yoyamba ndi kaundula wa malo ndi nyumba.

Msonkho wa malo ndi nyumba ndi umene umayenerana bwino ndi khonsolo, chifukwa nyumba sithawa ndipo sibisika. Vuto m'matauni amene akukula ndi lakuti kaundula amakhala wakalekale. Nyumba zatsopano, zimene kawirikawiri ndi zazikulu ndi zodula kuposa zakale, sizilembedwa n'komwe, ndipo chifukwa chake chimakhala chakuti akatswiri oyika mitengo ya nyumba ndi ochepa ndipo ntchito yawo ndi yodula. Ku Freetown, likulu la Sierra Leone, khonsolo ya meya Yvonne Aki-Sawyerr, amene adasankhidwa mu 2018, idagwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga poyeza kukula kwa denga la nyumba iliyonse, kenako antchito adayenda khomo ndi khomo kulemba zooneka ndi maso, monga mtundu wa khoma, denga, mazenera ndi msewu wofika panyumbapo. Chilichonse chidapatsidwa mapointi, ndipo msonkho unkachokera pa mapointiwo, mwakuti mwini nyumba ankatha kuona yekha mmene bilu yake yawerengedwera. Chiwerengero cha nyumba za m'kaundula chidawonjezeka pafupifupi kawiri, ndipo katundu wolemera wa msonkho adasamukira kwa eni nyumba zodula.

Ndiwonjezerepo ziwiri. Khonsolo ikamanga msewu, mtengo wa malo a m'mbali mwake umakwera mwini wake asanagwirepo ntchito iliyonse, ndipo n'koyenera kuti gawo la phindu limenelo libwerere kukalipira msewuwo. Ku Colombia lamulo lolola zimenezi lilipo kuyambira 1921, ndipo mzinda wa Bogotá wamanga nalo misewu yambiri. China n'chakuti msewu uliwonse ndi paipi iliyonse imene khonsolo yalandira imakhala ngongole ya m'tsogolo, chifukwa idzafuna kukonzedwa. Kilomita imodzi ya paipi imadya ndalama zofanana kaya ikumwetsa nyumba 20 kaya 200. Tauni imene ikuloleza mapuloti akuluakulu omwazikana patalipatali imaoneka yolemera poyamba, koma ikadzafika nthawi yokonzanso misewuyo, olipira msonkho amapezeka kuti ndi ochepa.

Mayi wamalonda

Bambo, inu mwakamba za kutolera, ine ndikambe za olipira. Anthu sakana msonkho chifukwa cha umbuli. Amakana chifukwa saona kumene ndalama zawo zikupita. M'matauni ambiri, munthu amene amalipira khonsolo mokhulupirika ndi wogulitsa mumsika, chifukwa wodula matikiti amamufikira tsiku ndi tsiku, pamene mwini nyumba ya mpanda angathe kukhala zaka osalandira bilu. Komabe msika womwewo umapezeka ulibe chimbudzi chogwira ntchito, ulibe mpopi, ndipo zinyalala zimaunjikana pakhomo pake. Ngati khonsolo ikufuna kuti anthu aikhulupirire, iyambe ndi kubweza kanthu kooneka kwa amene akulipira kale.

Ndili ndi mfundo inanso. Tonse tikukamba ngati kuti tauni yotereyi ndi yogonamo chabe. Ngati aliyense ayenera kupita kumzinda kukagwira ntchito, kukagula katundu ndi kukaonana ndi dokotala, ndalama zake zimathera komweko, ndipo tauni imatsala ndi zinyalala zokha. Khonsolo isunge malo a msika, a amisiri a matabwa ndi zitsulo, a okonza galimoto ndi a mafakitale ang'onoang'ono. Ndipo msika uziikidwa pamene anthu amadutsa, pafupi ndi potsikira basi. Misika yomangidwa bwino koma kutali ndi njira ya anthu imakhala mabwinja, ogulitsa n'kubwerera m'mbali mwa msewu, kenako khonsolo n'kumawathamangitsa ngati kuti ndi iwo adalakwitsa pulani.

Wowerengera ndalama

Mayi, pamenepo sindingatsutse. Ndingoti kaundula wabwino ndi amene amachotsa kukondera kumene mwatchulako, chifukwa amalowetsa nyumba za mipanda zija m'gulu la olipira.

Khansala wakale

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chimene mfundo ya bambo injiniya, ngakhale ili yoona, imagonja m'chipinda cha khonsolo. Khansala amasankhidwa kwa zaka zinayi kapena zisanu. Akamabwerera kwa ovota amafuna choloza ndi chala, monga mlatho, mjigo kapena chipinda chophunziriramo. Malo osungidwa saoneka ngati chitukuko. Amaoneka ngati tchire, ndipo amene adzapindule nawo sadabwere n'komwe m'tauniyo, kotero savota. Pamene amene mwamuletsa kugulitsa munda wake alipo, amavota, ndipo ali ndi abale.

Pali njira imene imachepetsa mkangano umenewu. M'chigawo cha Gujarat ku India, khonsolo sigula malo a msewu kwa munthu mmodzimmodzi. Imasonkhanitsa minda yonse ya dera limodzi pa mapu, n'kuchotsapo gawo, kawirikawiri pafupifupi magawo 40 mwa 100, loti likhale la misewu, sukulu, mabwalo ndi lina logulitsa kuti lilipire ntchito, kenako n'kubwezera mwini aliyense puloti yocheperako koma yolongosoka, yokhala ndi msewu. Mwini malo amavomera chifukwa puloti yaing'onoyo imakhala ya mtengo wapatali kuposa munda wonse uja, ndiponso chifukwa kutaya kumagawidwa kwa onse, osati kugwera yekhayo amene msewu wadutsa pakati pa munda wake. Msewu wozungulira mzinda wa Ahmedabad, wa makilomita pafupifupi 76, malo ake ambiri adapezeka mwa njira imeneyi.

Koma ndichenjeze pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi malire. Nthawi zambiri nyumba zatsopano zimamera kunja kwa malire a khonsolo, kumene malamulo ake safika, ndipo pamene malire adzakuzidwe dera lonse limakhala litadzaza kale. Khonsolo iyenera kugwirizana msanga ndi maboma oyandikana nawo ndi onse amene ali ndi mphamvu yogawa malo kumeneko. Chachiwiri ndi chowawa kuchinena. Mdani wamkulu wa malo osungidwa si munthu wosauka womanga chisakasa. Ndi wogwira ntchito kapena wandale amene amadziwa pamene pali malowo n'kuwadula mapuloti mwachinsinsi. Mankhwala ake ndi kuonetsa poyera. Mapu apachikidwe kumsika, kusukulu ndi pa intaneti, ndipo malire a msewu wam'tsogolo adzalidwe mitengo mbali zonse, kuti aliyense woona maziko akukumbidwa pakati pa mizere ya mitengoyo adziwe kuti pali cholakwika.

Mphunzitsi

Bambo khansala, mwandifikitsa pa nkhani yanga. Amene amasamukira m'matauni atsopano ambiri ndi mabanja achinyamata, kotero chiwerengero cha ana chimakwera msanga kuposa mmene khonsolo imaganizira. Ngakhale kumene kumanga sukulu ndi udindo wa boma lalikulu, malo ake amayembekezeka kuchokera ku khonsolo. Sukulu ya pulaimale imafuna malo aakulu ndithu, okwana zipinda, zimbudzi ndi bwalo la masewero, ndipo iyenera kukhala pamtunda woti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi angathe kuyenda wapansi. Malo otere akasowa, sukulu zakale zimadzaza mpaka ana kumaphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana, ndipo bwalo la masewero ndi limene limayamba kudyedwa pomangapo zipinda zowonjezera.

Chitsanzo cha New York chimene bambo injiniya apereka chili ndi mbali ina yofunika kuikumbukira. Pulani ya 1811 idasamala misewu koma idasiya malo ochepa kwambiri opumirako anthu. Pamene mzindawo udaganiza zokhazikitsa paki yaikulu ya Central Park m'zaka za m'ma 1850, udachotsa anthu pafupifupi 1,600 amene adali atakhazikika kale pamalopo, kuphatikizapo mudzi wa Seneca Village, umene eni ake ambiri anali anthu akuda okhala ndi malo awoawo. Choncho posunga malo tisaganizire misewu yokha.

Ndipo misewu yotakatayo ndili nayo mantha. Bungwe la World Health Organization limati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo ndi zimene zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Msewu wa mamita 30 wodutsa pakati pa nyumba ndi sukulu, wopanda njira ya oyenda pansi ndi powolokera, udzatilanda ana.

Injiniya wopuma

Mayi aphunzitsi, mantha anu ndi oyenera, ndipo ndifotokoze bwino. Mamita 30 si onse a galimoto. M'menemo muyenera kukwana njira za oyenda pansi mbali zonse, njira za njinga, ngalande, mitengo, mzere wa mabasi, ndi mizere ya galimoto yosapitirira iwiri mbali iliyonse. Msewu wopapatiza ndi umene umaika mwana, njinga ndi lole pamalo amodzi. Ndiponso njira ya oyenda pansi ndi yotsika mtengo kwambiri kuposa phula, kotero palibe chifukwa choti izibwera pomaliza monga zimachitikira m'malo ambiri.

Woyambitsa nkhani

Popeza tafika pa misewu, ndifunse za dandaulo limene limamveka kwambiri m'matauni oterewa, la mndandanda wa galimoto m'mawa ndi madzulo pamsewu wopita kumzinda. Ambiri amati yankho ndi kukulitsa msewuwo. Kodi chimenechi sichiyenera kukhala pamwamba?

Wophunzira za mapulani a mizinda

Bambo, kukulitsa msewu kumapumitsa anthu kwa kanthawi chabe. Ulendo ukafupika, anthu ambiri amasankha kukamanga kutali, ena amasiya basi n'kugula galimoto, ndipo msewu umadzazanso. Ku Houston m'dziko la United States, msewu wa Katy Freeway, umene umalumikiza mzindawo ndi matauni a kumadzulo kwake, udakuzidwa mpaka 2008 pa ndalama pafupifupi madola 2.8 biliyoni, ndipo m'malo ena uli ndi mizere yoposa 20. Patangopita zaka zochepa nthawi ya ulendo wa m'mawa ndi madzulo idayambanso kukwera.

Mzinda wa Curitiba ku Brazil, pansi pa meya Jaime Lerner, udasankha njira ina mu 1974. Udapatula mizere ya mabasi okha pakati pa misewu ikuluikulu, n'kuloleza nyumba zosanja zitalizitali m'mbali mwa misewu yomweyo, kuti anthu ambiri azikhala pafupi ndi pokwerera. Dar es Salaam idatsegula mabasi a mtundu umenewu mu 2016 pamsewu wa Morogoro, kuchokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni. Khonsolo ya tauni yaing'ono singathe kumanga zoterezi payokha, ndipo msewu wopita kumzinda kawirikawiri si wake n'komwe. Chimene ingathe ndi kusunga malo a depoti ndi a mzere wa mabasi, ndi kuloleza nyumba zambiri pafupi ndi malo amenewo. Ndipo mfundo ya mayi wamalonda ija imagwiranso ntchito pano, chifukwa munthu amene wapeza ntchito m'tauni mwake momwemo sawonjezera mndandanda wa pamsewu.

Injiniya wopuma

Pali mbali ina ya kusunga malo imene sindidaifotokoze, ya malo oti pasamangidwe konse. Dambo ndi m'mbali mwa mtsinje ndi mmene madzi a mvula amapumira. Tauni ikamakula, madenga ndi simenti zimaphimba nthaka imene inkamwa madzi, kotero mvula yomweyo imene kale inkalowa pansi imathamangira kumunsi yonse nthawi imodzi. Mu 2017 namondwe wa Harvey adamiza nyumba zambiri kumadzulo kwa Houston zimene zidamangidwa m'kati mwa dera losungiramo madzi osefukira la madamu a Addicks ndi Barker. Chaka chomwecho, mu Ogasiti, phiri lidagumuka ku Regent m'mphepete mwa Freetown, kumene nyumba zidakwera m'mapiri mitengo itadulidwa, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Dziko lolemera ndi losauka adakumana pa cholakwa chimodzi, chololeza nyumba pamalo amene madzi ndi nthaka zidzafuna kudutsa.

Mtaya wa zinyalala ulinso m'gulu lomweli. Umayamba uli kutali ndi anthu, kenako tauni imauzungulira. Ku Koshe mumzinda wa Addis Ababa mulu wa zinyalala udagumuka mu Malichi 2017 n'kupha anthu oposa 100, ndipo ku Kiteezi kunja kwa Kampala zoterezi zidachitikanso mu Ogasiti 2024 n'kupha oposa 30. Malo a mtaya asankhidwe msanga, pamodzi ndi mpata wouzungulira umene palibe adzaloledwe kumangapo.

Mayi wamalonda

Bambo injiniya, kuletsa n'kosavuta kulemba. Koma amene amamanga m'dambo ndi m'mbali mwa mtaya sachita zimenezo chifukwa chokonda matope kapena fungo. Amapita kumeneko chifukwa ndi malo okhawo amene angakwanitse. Mukawaletsa popanda kuwaonetsa kwina, adzabwerera usiku.

Wophunzira za mapulani a mizinda

Mayi anena mfundo imene akatswiri ambiri amaizemba. Nthawi zambiri malamulo a khonsolo yomweyo ndi amene amakankhira osauka kudambo. Lamulo likati puloti isachepere kukula kwakutikwakuti, nyumba ikhale ya zipangizo zakutizakuti, ndipo chilolezo chidutse m'maofesi ambiri kwa miyezi, ndiye kuti munthu wopeza pang'ono watsekeredwa kunja kwa lamulo asanayambe n'komwe. Khonsolo iloleze mapuloti ang'onoang'ono, iloleze kumanga pang'onopang'ono, iloleze zipinda za lendi kuseli kwa nyumba, koma iumirire pa zinthu zochepa zimene sizingakonzedwe pambuyo, monga mzere wa msewu, ngalande ndi chimbudzi chotheka kupopa.

M'zaka za m'ma 1970, ndi thandizo la World Bank, madera ena a m'mizinda ya Tanzania, kuphatikizapo Dar es Salaam, adadulidwa mapuloti ndi kupatsidwa misewu yafumbi, ngalande ndi madzi anthu asanafike, ndipo mabanja adamanga okha nyumba zawo. Ofufuza amene adayerekeza maderawa patapita zaka zoposa 30 adapeza kuti ali ndi nyumba zabwinoko ndi malo a mtengo wapamwamba kuposa madera amene adayamba adzaza kenako n'kukonzedwa.

Woyambitsa nkhani

Tsono ndani ayenera kugamula ndondomeko imeneyi? Ngati tisiyira akatswiri okha, mayi wamalonda atiuza kuti anthu sadzaikhulupirira. Ngati tisiyira ovota okha, bambo khansala atiuza kuti malo osungidwa sadzapeza owalankhulira.

Khansala wakale

Ine ndingagawe bajeti pawiri. Gawo limodzi, la zinthu za m'dera monga ngalande, mpopi, kamlatho kapena magetsi a pamsewu, anthu eni ake asankhe. Mzinda wa Porto Alegre ku Brazil udayamba kuchita zimenezi mu 1989. Anthu ankakumana m'madera mwawo, kusanja zofuna zawo motsatira kufunika kwake, ndi kusankha nthumwi zokalondola ndalamazo. Madera osauka ankapatsidwa gawo lalikulupo, ndipo zimene anthu ankaika patsogolo kawirikawiri zinali suweji, madzi ndi misewu ya m'madera, zomwe zikugwirizana ndi mawu a mayi namwino. M'zaka za pambuyo pake ndondomekoyi idafooka pamene ntchito zosankhidwa zidayamba kuunjikana osachitika, chifukwa munthu sabwerera kumsonkhano umene zogamula zake sizioneka.

Gawo lachiwiri, la mapu a misewu ikuluikulu, madambo, mtaya ndi malo a sukulu, likambidwe poyera kamodzi mokwanira, kenako likhazikitsidwe ngati lamulo limene khonsolo yotsatira singasinthe mwakachetechete. Kusintha kulikonse kuzilengezedwa, ndipo mayina a makhansala amene avomereza azilembedwa poyera. Pamafunikanso antchito. Khonsolo yopanda wopima malo wakewake ndi oyendera zomangamanga okwanira imakhala ndi mapu a mu kabati chabe.

Namwino

Ndatsatira zonse, ndipo maganizo anga pa madera amene adadzaza kale sadasinthe: kumeneko ndalama zoyamba zipite ku mipopi ya onse, ku mankhwala oyeretsera madzi ndi ku ntchito yopopa zimbudzi, chifukwa nyengo ya mvula sidikira kuti kaundula athe. Koma pa mapu amene mukukambawo ndikupempha kuti muwonjezerepo malo awiri amene palibe watchula mwachindunji. Oyamba ndi a chipatala chaching'ono chokhala ndi chipinda cha amayi oyembekezera, pamsewu umene ambulansi ingadutse nyengo zonse. Achiwiri ndi malo okatayako ndi kuyeretsera zopopa m'zimbudzi. Tauni zambiri zimene zikukula zidzadalira zimbudzi zokumba ndi matanki kwa zaka zambiri suweji isanafike, ndipo malo amenewa akakhala kutali kwambiri kapena akapanda kukhalapo, oyendetsa galimoto zopopa amakakhuthula mumtsinje kapena m'dambo usiku. Akhale kumunsi kwa potungira madzi a tauni, kutali ndi zitsime, koma pamtunda woti galimoto ingapite ndi kubwera kangapo patsiku. Bambo injiniya, kodi pa mapu anu malo amenewa angafune mahekitala angati pa tauni ya anthu 100,000, ndipo mungawaike mbali iti poyerekeza ndi mtaya?